Kuchoka pagulu si mlandu, mlandu n'kusalemberana

Pali kankhani kena komwe kakudanitsa anyamata ambiri m'matauni mwathu muno, koma poti sikakhudza mtengo wa chimanga kapena wa feteleza, akuluakulu amangokaseka. Anyamata atatu kapena anayi, odziwana kusukulu kapena oyandikana mabenchi kumsika, amapangana zoyambitsa kagulu koimba nyimbo za chamba cha rap. Wina wabwereka kompyuta ya achimwene ake, wina wagula maikolofoni yogwirapo kale ntchito, wina ndiye wodziwa kuluka mawu, winayo mwayi wake ngwakuti ali ndi chipinda cha kuseri komwe mayi sadandaula phokoso. Akhoma mathireyi a mazira kukhoma, atchinga zenera ndi bulangete, basi situdiyo yatheka. Nyimbo ziwiri zitatu zatuluka, zazungulira pa WhatsApp, imodzi mwina yamvekako pawailesi kapena m'minibasi. Ndiye tsiku lina uja anthu amati ndiye dolo pagululo waitanidwa ndi munthu wandalama kuti azikajambula payekha. Chinzake chathera pomwepo. Otsalawo ati mnzawo ndi Yudasi, iye ati anzakewo ndi ansanje, ndipo nyimbo zomwe zikutsatira n'zotukwanizana zokhazokha.

Ife maganizo athu ndi akuti wochokayo sadalakwe pochoka, ndipo otsalawo sakulakwa pomva kuwawa. Cholakwika chidachitika kalekale, tsiku lomwe ankakhoma mathireyi aja, pamene padalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kufunsa kuti: kodi mmodzi wa ife akadzafuna kuchoka, nyimbozi zidzakhala za yani? Kuti mfundoyi imveke, tiloleni tibwereke nkhani ya kutali, ya munthu amene adachita zonse ziwiri, kuimba rap ndi kusiya anzake patimu, dziko lonse likuonerera.

Munthuyo ndi Shaquille O'Neal, amene ambiri amangomuti Shaq, chimphona chotalika mamita 2.16 chomwe chidalowa mu ligi ya basketball ya NBA ku America mu 1992. Kumeneko wosewera watsopano sasankha yekha timu. Matimu ndiwo amatola anyamata motsatizana, ndipo omwe sadachite bwino chaka chapitacho ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu woyamba kutola. Mwayi wa chaka chimenecho udagwera Orlando Magic, timu yakhanda yomwe idali itangoyamba kusewera mu 1989. Shaq asanabwere idapambana masewero 21 mwa 82. Atabwera idapambana 41. Pofika 1995 iye ndi mnzake Penny Hardaway adali ataifikitsa mu ndime yomaliza ya ligi, ngakhale kuti kumeneko Houston Rockets idawakwapula kanayi konse osabwezako.

Mnyamata yemweyu ankakonda rap monga amaikondera anyamata athuwa. Kumapeto kwa 1992 adaonekera pa pulogalamu ya pakanema ya Arsenio Hall akuimba pamodzi ndi Fu-Schnickens, gulu lomwe ankalikonda, ndipo mu 1993 kampani ya Jive idamutulutsira chimbale chotchedwa Shaq Diesel chomwe chidagulidwa makope oposa 1 miliyoni. Tisanamizane, pa luso la mawu sakadaima ndi akatswiri a nthawi imeneyo. Dzina la kubwalo ndilo lidagulitsa makaseti ambiri. Komabe anthu a ku Orlando ankanyadira kuti mwana wawo akumveka paliponse, osadziwa kuti nyimbo ndi mafilimu omwewo adzakhala m'gulu la zinthu zomwe adzamunene nazo tsiku lochoka.

Kontirakiti yomwe adasaina mu 1992 idali ndi ndime yomulola kutulukamo patatha zaka zinayi. Nthawiyo itakwana mu 1996, akuluakulu a Orlando adayamba ndi kumutchulira mtengo wotsika, ngati munthu wonenerera tomato wa madzulo, pamene matimu ena ankapatsa osewera osafika pa iye madola oposa 100 miliyoni. Nyuzipepala ya mumzindawo, Orlando Sentinel, idafunsa awerengi ake ngati Shaq adali woyenera madola 115 miliyoni, ndipo mwa omwe adayankha, oposa 90 pa 100 aliwonse adati ayi. Uku ku Los Angeles, mkulu wa timu ya Lakers, Jerry West, adali kalikiliki kuchotsa osewera ena kuti ndalama zomulipira zipezeke. M'kusinthanitsa komweko adapereka Vlade Divac ku Charlotte n'kutengako kamnyamata ka zaka 17 kotchedwa Kobe Bryant. Pa 18 July 1996, kutatsala tsiku limodzi kuti masewero a Olympic atsegulidwe ku Atlanta, zidadziwika kuti Shaq wasaina kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri ndi Lakers, ya madola pafupifupi 120 miliyoni.

Omwe mumatsata mpira wathu uno mukudziwa momwe zimakhalira wosewera akachoka ku Bullets kupita ku Wanderers. Ku Orlando zidali choncho kumene. Ati wathamangira ndalama, ati wafuna kukhala pafupi ndi Hollywood kuti azikaimba ndi kuchita mafilimu, ati alibe mtima woyamika. Chowawa kwambiri n'chakuti timuyo sidalandirepo kalikonse, kaya wosewera wina kaya ndalama, poti munthuyo adachoka ali mfulu. Shaq adakatenga zikho zitatu zotsatizana ndi Lakers, mu 2000, 2001 ndi 2002. Orlando idadikira mpaka 2009 kuti ifikenso mu ndime yomaliza, ndipo yomwe idaigonjetsa kumeneko idali Lakers yomweyo.

Koma taonani ichi. Pa kulira konseko, palibe adati Shaq waba. Palibe adapita kukhoti kukati zigoli zomwe adamwetsa ali ku Orlando abweze, kapena kuti dzina lake ndi la timu. Aliyense ankadziwa chomwe chidali chake, chifukwa zidali papepala, kuphatikizapo tsiku lomwe munthu angathe kunyamuka. Mtima udapweteka, koma katundu sadasokonezeke.

Ufulu umenewu sudagwe kumwamba ngati mvula. Kale wosewera mu NBA adali ngati katundu wa mwini timu. Kontirakiti ikatha padali ndime yopatsa timu mphamvu yomusungabe, ndipo akakana kudalibe kwina kolowera mu ligiyo. Mu 1970 Oscar Robertson, katswiri amene panthawiyo ankatsogolera bungwe la osewera, adakasumira ligi yonse kukhoti. Mlanduwo udayenda zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 1976 mbali ziwirizo zidagwirizana zochotsa ndimeyo. Ngakhale zidatero, ufulu wathunthu, woti munthu azipita komwe wafuna timu yake yakale osanenapo kanthu, udadza mu 1988, ndipo woyamba kuugwiritsa ntchito adali Tom Chambers amene adachoka ku Seattle kupita ku Phoenix. Shaq adangodutsa pa khomo lomwe ena adalitsegula ndi thukuta.

Ndipo iwo okonda kulalikira za kukhulupirika ayambe aona momwe eni matimu amachitira zikakhala kuti zikomera iwo. Shaq yemweyo, atawapatsa a Lakers zikho zitatu, adamusinthanitsa ku Miami mu 2004, pamene iye ndi Kobe sankamweranso madzi ndipo timu idasankha kumanga tsogolo lake pa wamng'onoyo. Mu February 2025 a Dallas Mavericks adapereka Luka Dončić ku Lakers usiku, mwini wake osadziwa kanthu, chonsecho ndi iye amene adawafikitsa mu ndime yomaliza mu 2024. Damian Lillard, amenenso ndi woimba rap wodziwika ndi dzina loti Dame D.O.L.L.A., adakhala ku Portland zaka 11 akukana zothamangira matimu akuluakulu. Atatopa n'kupempha mu 2023 kuti apite ku Miami, adamutumiza ku Milwaukee. Kumeneko adaduka mtsempha wa kuchidendene mu April 2025, ndipo pofika July timuyo idali itamuchotsa. Chidamupulumutsa n'chiyani? Si chikondi cha ochemerera ayi. Ndi kontirakiti, yomwe idakakamiza a Milwaukee kuvomera kumulipirabe madola oposa 100 miliyoni omwe adatsala, iye atabwerera kale ku Portland.

Tsopano yerekezani zimenezi ndi zomwe zidachitika kumene rap idabadwira. Chamba chimenechi chidayamba ndi anthu ongodzisangalatsa ngati anyamata athuwa, m'dera la Bronx mumzinda wa New York. Olemba mbiri amaloza ku phwando la pa 11 August 1973, lomwe mtsikana wina, Cindy Campbell, adakonza pofuna kupeza ndalama zogulira zovala za kusukulu, mlongo wake DJ Kool Herc ndiye ankaika nyimbo. Kwa zaka zingapo zinthuzi zinkangothera m'mapwando ndi m'mapaki. Mu 1979 mayi wina wa kampani yojambula nyimbo, Sylvia Robinson, adasonkhanitsa anyamata atatu n'kuwatcha Sugarhill Gang, ndipo nyimbo yawo ya Rapper's Delight ndiyo idaonetsa dziko kuti mu rap muli ndalama. Mmodzi mwa atatuwo, Big Bank Hank, sadali wolemba mawu. Ankagwira ntchito pamalo ogulitsira pizza, uku akuyendetsa za gulu la mnzake Grandmaster Caz. Mawu ambiri omwe Hank adaimba m'nyimboyo adali a Caz, moti ngakhale dzina lodzipatsa la Caz lidatsala momwemo osafufutidwa. Nyimboyo idagulidwa mamiliyoni, koma dzina la Caz silidalembedwe pa mbale, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akunena kuti sadalandirepo kanthu. Adali mabwenzi. Ndani akadaitanitsa pepala pobwereketsa kope la mawu kwa bwenzi lake?

Ku California, gulu la N.W.A la ku Compton lidagwedeza America yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi chimbale cha Straight Outta Compton. Ice Cube, amene adalemba mawu ambiri a m'chimbalecho, adali mnyamata wa zaka za m'ma 19 kapena 20. Atayerekeza ndalama zomwe adalandira ndi makope omwe adagulidwa, adaona kuti masamu sakugwirizana. Malinga ndi iye mwini, adakana kusaina pepala lomwe manijala Jerry Heller adamupatsa loya asanaliwone, ndipo kumapeto kwa 1989 adachoka. Anzake adamunyoza m'nyimbo kuti ndi wompereka, iye n'kubwezera moopsa mu 1991. Choseketsa n'chakuti pasanapite nthawi Dr. Dre, mmodzi mwa onyozawo, nayenso adanyamuka kaamba ka nkhani yomweyo ya ndalama. Anthu ankavina nyimbo zotukwanizanazo, koma gulu lidali litatha.

Pali gulu limodzi lomwe lidachita mosiyana, ndipo n'lomwe tikufuna anyamata athu aliphunzire. Wu-Tang Clan idali ya anyamata asanu ndi anayi a ku New York, ambiri a ku Staten Island, ena mwa iwo apachibale. Nyimbo yawo yoyamba, Protect Ya Neck, adaitulutsa okha mu 1992 ndi ndalama zosonkherana. Makampani atayamba kuwafuna, mtsogoleri wawo RZA adasankha kampani yaing'ono ya Loud, n'kuvomera ndalama zochepa zoyambira, pokhapokha pangano likhale ndi mfundo imodzi: membala aliyense akhale womasuka kukasaina payekha ndi kampani ina iliyonse yomwe wafuna. Nthawi imeneyo zoterezi sizinkachitika. Chimbale cha gulu chidatuluka mu November 1993. Chaka chotsatira Method Man adatulutsa chake ku Def Jam. Mu 1995 Ol' Dirty Bastard adatulutsa ku Elektra, GZA ku Geffen, Raekwon ku Loud komweko, ndipo mu 1996 Ghostface Killah adatulutsa ku Epic. Aliyense ankaitana anzake kudzaimba nawo m'chimbale chake, kotero kuti makampani asanu opikisana adapezeka akulengeza dzina limodzi ndi ndalama zawo. Atabwererana mu 1997, chimbale chawo cha Wu-Tang Forever chidangofikira pamwamba pa ndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri.

Sitikuti kumeneko kudalibe mikangano. Idalipo, ndipo patapita zaka ena mwa iwo adakafika kukhoti pa nkhani ya magawo a ndalama. Koma funso lomwe lidapha N.W.A, loti kodi munthu angathe kukayesa mwayi payekha osatchedwa mdani, iwo adaliyankha asanakhale ndi kakobiri. Adadziwa kuti mwa anthu asanu ndi anayi, mwayi sudzafika tsiku limodzi.

Inu a malonda zimenezi si zachilendo kwa inu. Anthu awiri akasonkha mpamba kuti akatenge belo la kaunjika kapena katundu wa ku Dar es Salaam, ochenjera amayamba alemba m'kope kuti uyu waika zingati, uyu zingati, phindu tigawana motani, ndipo wina akafuna kutuluka atenga chiyani. M'chipereganyu ndi m'banki m'khonde muli mlembi ndi buku, chonsecho anthu ake ndi oyandikana nyumba, opemphera mpingo umodzi. Palibe amati kukhala ndi buku ndiko kudana. Nanga bwanji anthu omwewo, kapena ana awo, akafika pa nyimbo amachita manyazi? Yankho tikulidziwa. Mnyamata akatulutsa pepala, anzake amamuyang'ana n'kuti, aise, ukutiona ngati akuba eti? Ndiye iye poopa kuoneka wadyera amalibweza m'thumba. China n'chakuti nyimbo siioneka ngati katundu. Belo umaligwira, umalinyamula pamutu, koma vesi yachiwiri ya nyimbo ilibe kulemera kwake mpaka tsiku lomwe kampani ya lamya kapena ya zakumwa idzafune kuigwiritsa ntchito potsatsa malonda. Tsiku limenelo aliyense adzakumbukira mosiyana.

Zolembazo sizifuna loya kapena Chingerezi chozama. Tsamba limodzi long'amba m'kope likwana, bola likhale ndi tsiku, maina enieni osati a pasiteji okha, masiginecha ndi mboni. Pa nyimbo iliyonse pazidziwika amene adalemba mawu, amene adapanga biti, ndi amene adalipira situdiyo ngati mudapita ku situdiyo yolipira. Wopanga biti ndiye amaiwalika kawirikawiri. Iye sakwera pasiteji, atsikana samudziwa, koma ndi amene adachezera usiku wonse pa FL Studio magetsi atangoyaka, ndipo popanda iye mawu aja akadakhala ndakatulo chabe. Amene adapereka chipinda ndi kompyuta naye muyenera kugwirizana ngati ali ndi gawo m'nyimbo kapena mungomuthokoza ndi kangachepe. Zonse ziwiri n'zotheka, choipa n'choti iye aziganiza china inu mukuganiza china.

Kenaka pali zinthu zomwe a Caz ndi a Ice Cube sadakumane nazo m'nthawi yawo. Tsamba la gulu pa Facebook kapena pa YouTube lili m'dzina la yani? Nambala yachinsinsi akuidziwa ndi angati? Anthu akafuna kutumiza ndalama za shoo pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala yake ndi ya yani, ndipo anzake amaona bwanji zomwe zalowa? Mafailo a nyimbo zosamaliza, omwe ali m'kompyuta ya achimwene ija, adzakhala a yani achimwenewo akadzaitenga? Magulu ena satha chifukwa choti wina watchuka ayi, amatha chifukwa munthu mmodzi wakwiya, wasintha nambala yachinsinsi, otsatira onse omwe mudawasonkhanitsa zaka zitatu n'kupita naye. Ndipo pamwamba pa zonse pali dzina la gulu. Atatu akatsala mmodzi n'kuchoka, dzina litsala ndi atatuwo? Nanga ngati wochokayo ndi amene adalipeka? Nyimbo zakale angathe kumakaziimba payekha kumashoo? Ife tikuti inde aziimba, otsalanso aziimba, ndipo ndalama zochokera ku nyimbo zomwe mudapangira limodzi zizigawidwabe monga mudalembera, kaya mukulankhulana kaya ayi.

Wina atifunsa kuti mwa timagulu tonseti ndi tingati tomwe tidzaone ndalama. Tochepa zedi, ndipo palibe chodandaulitsa pamenepo. Anyamata ambiri adzaimba zaka ziwiri zitatu, wina apeza malo ku koleji, wina akwatira, wina alowera ku Joni, nyimbo zija zidzatsala m'foni yakale zoti azidzaseka nazo akadzakumana pa ukwati wa mnzawo. Nthawi yomwe adathera m'chipinda chija akuphunzira kuluka mawu, kusunga nthawi ndi kumverana sidapite pachabe, ndipo ndi yabwino kuposa yothera pa kachasu kapena pa juga. Makolo ndi aphunzitsi omwe amaona rap ngati chizindikiro cha uchigawenga akuiwala kuti mwana amene amatha kulemba mizere 16 yomveka bwino usiku umodzi ndi yemweyo angathe kulemba chimangirizo chabwino pa mayeso a MSCE. Koma poti palibe amadziwiratu kagulu komwe kadzaphuke, pepala liyenera kulembedwa ndi onse. Likapanda kugwira ntchito mwangotaya tsamba limodzi.

Tsono tisamveke ngati tikumuombera m'manja wochoka aliyense. Kuchoka ndi ufulu, koma kachokedwe kali ndi mwambo wake, ndipo akulu akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. LeBron James adasewerera Cleveland, timu ya kwawo ku Ohio, zaka zisanu ndi ziwiri. Kontirakiti yake idatha bwinobwino mu 2010 ndipo adali ndi ufulu wonse wopita ku Miami. Koma adasankha kulengeza zimenezi pa pulogalamu yapadera ya pakanema wa ESPN pa 8 July, anthu a kwawo n'kumva limodzi ndi dziko lonse. Ena adatentha majezi ake m'misewu, mwini timu Dan Gilbert n'kulemba kalata yapoyera yomunyoza. Zidatengera kubwerera kwake mu 2014 ndi chikho cha mu 2016 kuti chilondacho chipole. Mnyamata amene wapeza mwayi asalole kuti anzake amvere pa Facebook kapena kwa anthu pamsika. Awaitane, akhale nawo pansi m'chipinda chomwe chija, awauze pamaso. Ngati pali nyimbo yomwe akufuna kupita nayo, apemphe, ndipo dzina la wopanga biti lilembedwe. Ngati n'kotheka, pa chimbale chake choyamba aitanemo mmodzi kapena awiri. Si chifundo chimenecho, ndi nzeru ya Wu-Tang ija.

Achenjerenso ndi komwe akupitako. Munthu wandalama uja, kaya akudzitcha manijala kaya mwini kampani, ndiye woyamba kubwera ndi pepala, ndipo pepala lake lalembedwa ndi anthu ake. Mnyamata amene adachita manyazi kulemberana ndi anzake tsamba limodzi amapezeka akusaina masamba khumi a Chingerezi ali chiimirire, kaamba koti amulonjeza vidiyo ndi nsapato. Afunse kuti panganolo ndi la zaka zingati, nyimbo zidzakhala za yani likadzatha, ndipo khomo lotulukira lili pati. Shaq adatha kusankha mu 1996 chifukwa wina adaumirira ndime yotulukira mu 1992. Amene sadakwane zaka 18 asasaine kanthu kholo kapena womuyang'anira palibe, ndipo munthu amene akukana kuti upite nalo pepala kunyumba ukaliwerenge modekha wakuuza kale chomwe chili m'pepalamo.

Kwa otsala, tikudziwa kuti n'zowawa kuona munthu amene mumagawana naye chipisi cha pachiwaya akukwera galimoto inu mukadali pa kabaza. Koma nyimbo yonyoza siibweza munthu. Imasangalatsa anthu sabata imodzi, kenaka imakhala umboni woti mudalibe china choimba kupatula dzina la mnzanu. Shaq amene adayesapo zimenezi mu June 2008, pamene adakwera pasiteji m'nyumba ina yachisangalalo ku New York n'kuimba mawu onyoza Kobe. Kanema wake adafalikira, ndipo mkulu wa apolisi wa dera lina ku Arizona adamulanda baji yaulemu yomwe adamupatsa. Kobe adakatenga zikho zina ziwiri, mu 2009 ndi 2010. Nayo Orlando idatenga nthawi kuti mtima ukhale pansi. Mu 2015 Shaq adavomera pagulu kuti akadadziwa zomwe adadzadziwa pambuyo pake akadakhala, ndipo mu February 2024, patatha zaka pafupifupi 28 chichokereni, timuyo idakweza jezi yake ya nambala 32 kudenga la bwalo lake kuti wina asadzaivalenso, ulemu womwe idali isanapatsepo wosewera wina aliyense. Anyamata a ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi alibe zaka 28 zoti ataye, poti mawa lomwe akumana pa depoti.

Lamulo la kukopera m'dziko muno lilipo. Loyamba la mtundu wamakono lidakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo mu 2016 kudabwera lamulo latsopano. Lamuloli limazindikira wopeka nyimbo ngati mwini wake, koma silidali nanu m'chipinda muja kuti lidziwe amene adalemba kolasi. Bungwe lotolera ndalama za oimba limagawa potsata maina ndi magawo omwe lalembetsedwa. Mmodzi akakalembetsa nyimbo ya anthu anayi m'dzina lake lokha, atatu enawo adzayenera kubweretsa umboni, ndipo mawu oti tonse tidalipo si umboni.

N'chifukwa chake tikupempha a COSOMA pamodzi ndi mabungwe a oimba kuti asamangodikira anthu otchuka kale ku maofesi. Akonze kapepala ka tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kokhala ndi mipata yolembamo dzina la nyimbo, maina a omwe adaipanga ndi gawo la aliyense, koti munthu angathe kukalandira pa WhatsApp n'kukasindikiza pa mtengo wa fotokope. Akafikitse m'masitudiyo a m'makwalala, m'makalabu a sukulu za sekondale ndi m'makoleji. Eni masitudiyo nawo aike lamulo loti nyimbo siituluka pakhomo kapepalako kasanadzazidwe, ndipo oulutsa mawu pawailesi, akamalandira nyimbo kwa achinyamata, azifunsa kuti biti adapanga ndani n'kumutchula dzina pamphepo.